Yankho la Kompyuta ndi Yankho la Mwala

Chaka chirichonse, ikafika nthawi yophunzitsa za mphamvu imene dziko limakokera zinthu pansi, ndimatenga zingwe, timiyala ndi mawotchi, n'kuwagawa ana anga a Fomu 3 m'magulu. Ntchito yake njosavuta. Amamangirira kamwala ku chingwe chotalika mita imodzi, n'kukakankha pang'ono kuti kazilendewera uku ndi uku, ndipo amawerenga masekondi amene katenge kuti kapite ndi kubwerera maulendo 20. Kuchokera pa masekondiwo, masamu ochepa chabe amatiuza kukula kwa mphamvu yokokayo. Gulu lina limapeza 9.3, lina 10.2, lina 9.6. Koma sipalephera kupezeka gulu limodzi lobwera ndi 9.81 yosalala ngati dzira, ndipo ndikangoiona nambala imeneyi ndimagwa mphwayi, chifukwa ndimadziwa kuti anawo mwala sanaufunse konse, afunsa buku.

Chomvetsa chisoni, komanso choseketsa, n'chakuti 9.81 imeneyi si yathu n'komwe. Dziko lapansi si lobulungira ndendende. Ndi lotupa pakati, ndiponso limazungulira usana ndi usiku, motero mphamvu yokoka njocheperapo pa equator, pamene iri 9.78, ndipo njokulirapo kunsonga za dziko kozizira kuja, kumene imafika 9.83. Nambala ya m'buku ija imayenera maiko monga France ndi Britain. Ife kuno tiri pafupi ndi 9.78. Ndiye kuti mwana wokopera uja, pofuna kuoneka wolondola, wakopera yankho la dziko la eni.

Ndayamba ndi nkhani ya kamwalayi chifukwa indithandiza kunena za chinthu chimene poyamba chimaoneka ngati chiri kutali ndi kalasi yanga. M'maiko angapo akatswiri a sayansi akupanga zipangizo zoyezera zamtundu watsopano, zimene amazitcha ma quantum sensor, ndipo kawirikawiri chipangizo chotere chimayamba chayerekezedwa pa kompyuta chisanapangidwe ndi manja. Pali mapulogalamu apadera a ntchito imeneyi. Maganizo anga ndi akuti mapulogalamuwa ndi mwayi waukulu kwa wophunzira wosauka, woposa umene ambiri a ife tikuuganizira, koma kuti mwayi womwewo udzasanduka msampha kwa aliyense amene anazolowera kukhulupirira nambala chifukwa chakuti yatuluka yosalala.

Mau akuti quantum asakuopseni, awerengi. Amanena za malamulo amene tinthu tating'onoting'ono, monga maatomu ndi kuwala, timatsata. Limodzi mwa malamulowo ndi lakuti atomu silandira mphamvu mwachisawawa ayi. Imalandira m'miyezo yoikika, monga munthu wokwera makwerero, amene angathe kuima pa mtanda woyamba kapena wachiwiri koma sangaime m'malere pakati pake. Lina ndi lakuti maatomu onse a mtundu umodzi ngofanana kotheratu, ndipo makwerero awo ngofanananso. Rula ya thabwa imapindika ikakalamba, sikelo ya pamsika imachita dzimbiri, mwinanso mwini wake amaiphunzitsa kumukondera. Koma atomu ya caesium ya ku Japan ndi ya ku Brazil sizisiyana, ndipo ya chaka chino iri chimodzimodzi ndi ya zaka 1,000 zapitazo. Munthu wofuna muyezo wosanama sangapeze woposa umenewu.

Chipangizo chotchuka kwambiri cha mtundu uwu ndi wotchi. Mu 1955 Louis Essen ndi Jack Parry, pa National Physical Laboratory ku Teddington ku England, anapanga wotchi yoyamba yodalirika yoyendera maatomu a caesium, ndipo mu 1967 maiko anagwirizana kuti sekondi ikhale nthawi imene funde logwirizana ndi mitanda iwiri ya makwerero a atomuyo limatenga kuti linjenjemere maulendo 9,192,631,770. Masetilaiti a GPS amanyamula mawotchi a maatomu. Poti uthenga wawo umayenda pa liwiro la kuwala, masentimita pafupifupi 30 pa gawo limodzi mwa magawo 1,000,000,000 a sekondi, wotchi ikangophonya pang'ono chabe foni yanu ikuikani m'mudzi wa eni. Choncho aliyense amene anafunsapo njira kwa foni wagwiritsapo kale ntchito chipangizo cha quantum, ngakhale sanachione.

Wopanga wotchi amayesetsa kutchinjiriza maatomu ake kuti kutentha, maginito ndi kugwedezeka zisawasokoneze. Wopanga chipangizo choyezera zinthu zina amachita mosemphana: amatseka mazenera onse n'kusiya limodzi, kuti chinthu chokhacho chimene akufuna kuyeza chilowe ndi kusuntha mitanda ya makwerero ija, ndipo kusunthako ndiko amawerenga. Tengani dayamondi. Mwala umenewu ndi maatomu a kaboni okhaokha oyalana mwadongosolo, koma pena pamapezeka atomu ya nayitirojeni italowa m'malo mwa kaboni, pambali pake pali mpata wopanda kanthu. Chilema chimenechi ukachiwalitsira kuwala kobiriwira chimabweza kuwala kofiira. Ukachiombera mafunde a microwave onjenjemera maulendo pafupifupi 2,870,000,000 pa sekondi, kufiirako kumazilala pang'ono. Maginito akayandikira, nambala imene kuzilalako kumachitikirapo imasuntha, ndipo tikadziwa mmene yasunthira tadziwa mphamvu ya maginitowo. Zipangizo zina zimagwiritsa ntchito nthunzi ya chitsulo cha rubidium; mu 2018 anthu a ku University of Nottingham anaonetsa chisoti chokhala ndi zipangizo zotere, chimene chimamva maginito ochokera mu ubongo wa munthu, ofooka kuposa a dziko lapansi maulendo mamiliyoni ambiri, munthuyo akugwedeza mutu wake.

Koma chimene chimandikhudza ine kwambiri ndi cha ku University of Birmingham, chifukwa funso lake ndi lomwe lija la ana anga. Kuwala kwa laser kumaziziritsa maatomu a rubidium kufikira pafupi kwambiri ndi madigiri 273 pansi pa ziro, kuzizira kumene kulibenso kwina kopitirira. Atazizira chotero maatomu amachita ngati mafunde, ndipo pamene akugwa, kuwala kwina kumagawa funde lirilonse kuti liyende njira ziwiri nthawi imodzi, kenaka n'kulilumikizanso. Mmene magawo awiriwo akumanirana, kaya akuthandizana kaya akufafanizana, ndimo mumaonekera kagwedwe ka atomu. Njirayi anaionetsa koyamba Mark Kasevich ndi Steven Chu ku Stanford mu 1991. A ku Birmingham anaika mitambo iwiri ya maatomu, wina pamwamba wina pansi, yotalikirana mita imodzi, kuti galimoto ikadutsa n'kugwedeza nthaka, kugwedezekako kukhudze yonse iwiri mofanana ndipo kuthe kuchotsedwa powerengera. Mu February 2022 analengeza m'magazini ya Nature kuti chipangizo chawo, chiri panja osati mu labotale, chinamva ngalande yotakata mamita 2 imene inali pafupifupi mita imodzi pansi pa mseu. Pamene pali mphako pansi pa nthaka, chokoka chimachepa, ndipo maatomu anazindikira kuchepako.

Tsono kompyuta ikulowa pati? Ganizani za munthu amene akufuna kupanga chipangizo chonga chimenechi. Ayenera kusankha kuti maatomu akhale angati, azizire motani, kuwala kukhale kwamphamvu bwanji ndi kuthwanima kwa nthawi yaitali bwanji, mitambo italikirane motani, chitsulo chotchinga maginito chikhale chochindikala bwanji. Akasintha chimodzi, zinzake zonse zimasinthira pomwepo. Kupanga chipangizo chimodzi kumadya miyezi, mwina zaka, ndi ndalama zambiri, kotero sangapange makumi asanu kuti asankhepo chabwino. Telala wanzeru akapatsidwa nsalu yodula sayamba ndi sizasi. Amayamba wadula pepala, n'kuliyesa, n'kulikonza, ndipo pepala likaonongeka palibe amene amalira. Pulogalamu yoyerekezera ndiyo pepala la wopanga zipangizo.

Zimatheka chifukwa malamulo ake ngodziwika kale. Erwin Schrödinger analemba masamu a kayendedwe ka atomu mu 1926, ndipo mu 1976 Göran Lindblad wa ku Sweden, pamodzi ndi ena amene anafika pa yankho lomwelo nthawi imeneyo, analemba masamu a atomu yosakhala yokha, imene ikutaya mphamvu ndi kusokonezedwa ndi zoizungulira. Masamuwa kuwalemba nkwapafupi koma kuwatsiriza ndi pensulo nkosatheka, kupatula pa zitsanzo zochepa. Ndiye munthu amauza kompyuta kuti atomu yake iri ndi mitanda yakuti, kuwala kwake nkwakuti, maginito ngakuti, chisokonezo nchakuti, ndipo kompyuta imawerengera kachidutswa ka nthawi kamodzi, kenaka kena, kenaka kena, mpaka itajambula chimene chipangizo chikanaonetsa chikanakhala kuti chapangidwa. Pulogalamu imodzi yodziwika bwino ndi QuTiP, imene Robert Johansson ndi Paul Nation anaiyamba, ndipo pamodzi ndi Franco Nori anaifotokoza poyera mu 2012. Ina ndi ARC, yochokera ku Durham University mu 2017, imene imawerengera makhalidwe a maatomu monga rubidium ndi caesium atakwezedwa pa mitanda yapamwamba kwambiri, pamene amamva mafunde a wailesi. Zonse ziwiri zinalembedwa m'chinenero cha makompyuta chotchedwa Python, ndipo zonse ziwiri nzaulere.

Ntchito ya mapulogalamu sithera pa kupanga. Chipangizo chikachoka mu labotale n'kukwezedwa m'sitima ya pamadzi kapena m'ndege, kugwedezeka kumaononga mafunde a maatomu aja, ndipo pamafunika kupeza kathwanimidwe ka laser kamene kangapirire nkhanza zotere. Kampani ya Q-CTRL ya ku Sydney ku Australia, imene Michael Biercuk anaiyambitsa mu 2017, imagulitsa mapulogalamu ofunafuna kathwanimidwe kameneka pakati pa njira zikwi zambiri zimene munthu sakanatha kuziyesa ndi manja.

Palinso kumasulira zimene chipangizo chayeza, ndipo apa mpamene ndikupempha kuti mutchere khutu. Chipangizo cha ku Birmingham chija sichionetsa chithunzi cha ngalande ayi. Chimapereka manambala okha, imodzi pa malo aliwonse amene chaimikidwa. Ndi kompyuta imene imayerekeza ngalande zambirimbiri, iyi yakuya iyi yosaya, iyi yakumanja iyi yakumanzere, n'kufunsa kuti ndi iti imene ikanapereka manambala ofanana ndi amene ayezedwa. Koma akatswiri a za nthaka anadziwa kalekale kuti funso lotere liribe yankho limodzi: dothi lopepuka lofalikira pafupi ndi pamwamba lingathe kupereka manambala ofanana ndi a mphanga yokhala pansi kwambiri. Kompyuta imasankha pakati pa zinthu zimene munthu waiuza kuti nzotheka. Ukaiuza kuti ifune ngalande, idzakupatsa ngalande yoyenera koposa, ngakhale pansipo pali china. N'chifukwa chake a ku Birmingham anachita mwanzeru poyesa chipangizo chawo pa ngalande imene ankaidziwa kale, kuti yankho la kompyuta likhale ndi woliweruza.

Wina anganene kuti akatswiri enieni sangaiwale kanthu kofunika pouza kompyuta. Amene akutero amve nkhani ya Gravity Probe B. Mu 1960 Leonard Schiff wa ku Stanford University analemba za njira yoyesera chiphunzitso cha Albert Einstein ndi nguli. Malinga ndi chiphunzitsocho, nguli yozungulira itaikidwa m'setilaiti iyenera kupendekeka pang'onopang'ono m'njira ziwiri, ndipo yaing'ono mwa ziwirizo, yochokera ku kuzungulira kwa dziko lapansi, ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100,000 a digiri pa chaka chathunthu. Anapanga nguli 4 za mwala wa quartz, iriyonse yaikulu ngati kampira ka tenisi ya patebulo, zokutidwa ndi chitsulo cha niobium, zobulungira kuposa chinthu chirichonse chimene anthu anali atapangapo. Kuti adziwe kumene nguli ikuloza popanda kuikhudza, anagwiritsa ntchito zipangizo za quantum zotchedwa SQUID, zimene zimamva maginito ofooka kwambiri, zonsezi ziri m'kuzizira kwa madigiri 271 pansi pa ziro. Kuchokera pa ganizo kufikira tsiku loulutsa, 20 April 2004, panapita zaka 44. Ena amene anaiyamba ntchitoyo anamwalira isanathe, Schiff mwini wake mu 1971.

Zaka zonsezo anthu ophunzira kwambiri ankawerengera chirichonse chimene chikanapotoza nguli. Komabe manambala atayamba kubwera kuchokera kumwamba, nguli zinali kuchita zimene palibe anaziyembekezera. Pa khungu la nguli ndi pa khoma la kanyumba kake panali timawanga ta magetsi tosaoneka ndi maso, timene tinkakokana ndi kupotoza nguli mofooka, koma mokwanira kuphimba chinthu chimene ankachifunacho. Mawerengero onse a zaka zija sanatipatse timawangato kukula kwake koyenera. Kuyeza kunatha mu 2005, koma zotsatira zomaliza zinalengezedwa mu May 2011, ndipo kupendekeka kwakung'ono kuja, kumene ankafuna kukuyeza mosaphonya kuposa 1 peresenti, anakuyeza ndi chikaiko cha 19 peresenti.

Sindikunena izi ponyoza. Chimene chinapulumutsa ntchitoyo chinalinso kuyerekezera: gulu la Francis Everitt linatha zaka zoposa zisanu likumanga masamu atsopano a timawangato kuti lichotse chisokonezo chake m'manambala. Koma onani dongosolo lake. M'masabata otsiriza, helium wozizitsa asanathe, anapendeketsa dala setilaiti kuti aone mmene nguli ziyankhire, ndipo ndi pamenepo vuto linaonekera poyera. Nguli ndiyo inayamba kulankhula, kompyuta inatsatira pambuyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo anthu amenewa anadekha. Akanathamangira kufafaniza manambala osagwirizana ndi mawerengero awo, akanakhala ngati gulu langa la 9.81 lija, kusiyana kwake ndalama zokha.

Zoiwalika sizikhala zobisika chotero nthawi zonse. Tibwerere kwa dayamondi uja. Mphamvu ya maginito timaiyeza m'ma microtesla, ndipo microtesla imodzi imasuntha nambala ya kuzilala ija ndi maulendo pafupifupi 28,000 pa sekondi. Koma kutentha nakonso kumaisuntha, ndi maulendo pafupifupi 74,000 pa digiri iriyonse. Werengerani nokha: chipangizo chikatentherapo ndi madigiri 10 pakati pa m'mawa ndi masana, nambala yasuntha ndi 740,000, ndiye kuti ngati kwabwera maginito a ma microtesla 26 pamene kulibe. Akatswiri amalidziwa vutoli ndipo ali ndi njira yolithetsera, poyeza malo awiri ozilalira m'malo mwa amodzi. Koma wophunzira amene wayerekeza chipangizo chake pa kompyuta osauza pulogalamu kuti dzuwa limakwera, adzaona mzere wowongoka bwino, ndipo pulogalamu sidzamuchenjeza, poti iye sanaifunse.

Kulinso nkhani ya malo. Zitsanzo zambiri za m'mabuku zimati maginito a dziko lapansi ndi ma microtesla 50, ndipo ku Britain nzoonadi, kapena pafupi ndi zoona. Koma kum'mwera kwa Africa ngofooka kwambiri. Ku Hermanus m'dziko la South Africa, kumene akhala akuwayeza kuyambira 1941, ndi pafupifupi theka la nambala imeneyo. Ndiponso ku Ulaya mizere ya maginito imaloza m'nthaka, pamene kuno kum'mwera imatuluka m'nthaka kuloza kumwamba. Munthu wokopera chitsanzo cha ku London osasintha manambala wabwereza tchimo la mwana wa 9.81.

Malire ena ali m'masamu enieniwo. Kuti kompyuta ifotokoze mokwanira atomu imodzi ya mitanda iwiri imafuna manambala 2. Maatomu 10 olumikizana amafuna 1,024. Maatomu 30 amafuna 1,073,741,824. Akafika 50 manambala apitirira 1,000,000,000,000,000. Atomu iriyonse yowonjezera imachulukitsa katundu kawiri. Richard Feynman analinena vutoli mu 1981. Tsono mtambo umodzi wa rubidium uli ndi maatomu mamiliyoni. Ndiye pulogalamu iriyonse imadula njira: imaganiza kuti maatomu sakukhudzana, kapena imawerengera imodzi n'kuiyesa chitsanzo cha onse. Nthawi zambiri kudula njira kotere kulibe vuto, koma wogwiritsa ntchito ayenera kudziwa pamene padulidwa. Pa galasi la kompyuta sipaoneka chipsera. Mizere yake njosalala, mitundu yake njokongola, manambala ake ali ndi madesimo asanu ndi atatu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mwina pofika pano mukuganiza kuti ndikuwaletsa achinyamata mapulogalamu amenewa. Kutalitali. Labotale yokhala ndi laser yoziziritsira maatomu ambiri a ife sitidzaiona, koma QuTiP imayenda pa laputopu wamba, ndipo ukangoitsitsa kamodzi sifunanso intaneti. M'mbiri yonse ya sayansi, mwana wa mlimi sanakhalepo ndi mwayi wogwira chida chomwecho chimene katswiri wa ku Durham kapena Tokyo akugwira, tsiku lomwelo, popanda kulipira. Ndipo chitseko chake ndi masamu amene timawaphunzitsa kale. Ana amandifunsa chaka ndi chaka kuti ma matrix adzawathandiza chiyani m'moyo. Atomu ya mitanda iwiri, imene ndi maziko a wotchi ya caesium ndi zipangizo zambiri zimene ndatchulazi, imalembedwa ngati matrix ya mizere iwiri yopingasa ndi iwiri yotsika, yonga imene amaichulukitsa m'mayeso a MSCE. Kunjenjemera kwake ndi sine ndi cosine. Yankho lake ndi probability. Chotsala chimene sukulu yathu sipereka mokwanira ndi manambala otchedwa complex, ndipo wophunzira wakhama angawadziwe m'miyezi yochepa. Inu amene mwangotsiriza Fomu 4 ndipo mukudikira zotsatira, mukapeza mwayi wa kompyuta, yesani kuyerekeza atomu imodzi yowalitsidwa ndi laser, muone ikukwera ndi kutsika pakati pa mitanda yake. Kenaka onjezerani chisokonezo pang'ono muone kukwera ndi kutsikako kukufa. Mudzamvetsa m'madzulo amodzi chifukwa chimene zipangizozi ziri zovuta kupanga.

Sindikukulonjezani ntchito. Kungakhale kunama kunena kuti wophunzira QuTiP lero mawa alembedwa. Chimene ndikuona ine n'china. Zipangizo zomva za pansi pa nthaka zikadzatsika mtengo, adzabwera nazo ogulitsa, ndipo adzalankhula za madzi, za miyala ya mtengo wapatali, za maziko a miseu ndi milatho. Tonse tikuidziwa mijigo imene inakumbidwa n'kupezeka youma, ndiye khutu lathu lidzakhala lotseguka. Wogulitsayo adzaonetsa chithunzi chokongola. Pa tsiku limenelo padzafunika munthu mmodzi m'chipindamo wodziwa kufunsa ngati chithunzicho chayezedwa kapena chayerekezedwa, ngati chipangizocho chinayesedwapo pa dothi longa lathu ndi dzuwa longa lathu, ndiponso kuti pa malo amene kompyuta inati pali madzi, anakumba angati ndipo anapeza madzi pa angati. Safunsa anadya phula. Munthu wofunsa chotere ndi amene anayamba wanamizidwapo ndi pulogalamu yake yomwe, n'kupeza yekha pamene inamunamiza.

Kwa aphunzitsi anzanga ndiri ndi choulula. Carl Wieman, amene mu 1995 pamodzi ndi Eric Cornell anaziziritsa maatomu a rubidium ku Boulder m'chigawo cha Colorado mpaka anasanduka funde limodzi, nalandira mphoto ya Nobel mu 2001, ndi yemwenso anayambitsa PhET mu 2002, mapulogalamu aulere oyerekezera sayansi ya kusukulu amene ambiri a ife timawakonda. Muli ndi kamwala kolendewera momwemo, kokongola, kosaduka chingwe. Chaka china silabasi itandipanikiza ndinasiya zingwe m'kabati n'kuonetsa ana kamwala ka pa kompyuta. Phunziro linatha msanga, m'kalasi munali bata, magulu onse anapeza yankho limodzi, ndipo ine ndinapita kunyumba wokondwa. Panapita masabata ndisanazindikire chimene ndinachita. Kamwala ka pa kompyuta kamabweza nambala imene wolemba pulogalamu anaikamo. Ana anga sanayeze dziko, anayeza buku kudzera pa galasi. Ndinali nditasandutsa kalasi yonse kukhala gulu la 9.81, ndipo ndinawapatsa malikisi abwino chifukwa cha icho. Cholakwa sichinali cha pulogalamu. Pulogalamuyo njabwino poonetsa zimene chingwe sichingaonetse, monga mmene kamwala kangayendere pa mwezi. Cholakwa chinali changa, poiika m'malo mwa mwala m'malo moiika pambali pake.

Chaka chathachi tinabwerera ku zingwe. Tinalemba mayankho onse pa bolodi monga anatulukira, kenaka tinaona yankho la kompyuta, ndipo gulu lirilonse ndinalipatsa ntchito yopeza chifukwa chimene lasiyanira nalo. Gulu la 9.3 linavutika masiku awiri. Anabwereza kuwerenga ndipo anapezabe masekondi 41.2 pa maulendo 20. Anasinthana wogwira wotchi, osasintha kanthu. Tsiku lachitatu mtsikana wina wa m'gulumo anatenga rula n'kuyezanso chingwe mwala uli lendelende, ndipo anapeza kuti ulusi unatamuka ndi kulemera kwa mwalawo, komanso kuti poyamba anayeza kulekeza pa mfundo osati pakati pa mwala. Zonse pamodzi anali masentimita 5. Ataika 1.05 m'malo mwa 1.00 anapeza 9.8. Anandifunsa ngati imeneyi ndi 9.78 yathu kapena 9.81 ya ku Ulaya, ndipo ndinamuuza kuti chala cha munthu pa wotchi chimachedwa kwambiri moti sichingasiyanitse ziwirizi. Iye anati ayesa maulendo 200 m'malo mwa 20, ndipo anapempha kuti ndimubwereke wotchiyo mpaka Lolemba.